Zikomo Bwana, Malemu Akazi Anga Ali Pantchito

Kwa Bwana Mkulu,
Ofesi Yowerenga Anthu Apantchito ndi Malova.

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndikulemba nditavula chipewa. Mukaona zilembo zikupendama musaganize za matenda, ndi chimwemwe chabe. Ine ndine munthu wosayankhulayankhula, ndipo sukulu ndinalekezera pakati pa sekondale. Kupatula makalata ofunsira ntchito, amene sanayankhidwepo, ndalembapo makalata awiri okha m'moyo wanga: yofunsira akazi anga, ndi ino. Yoyamba ija inayankhidwa bwino, choncho ndili ndi chikhulupiriro.

Lachisanu lapitali ndinakumvani pa wailesi mukulengeza kuti ulova watsika kwambiri. Alamu anga, mchimwene wa malemu akazi anga, anali pakhonde akumwa tiyi, ndipo anatsamwa mpaka ndinawamenya pamsana. Ine ndinaseka. Ndinaseka mpaka kugwira chitseko, Bwana, ndipo kanali koyamba kuseka chiwaikireni akazi anga m'manda. Ndinaseka chifukwa ndikudziwa kumene nkhani yabwinoyi inachokera. Inachokera m'nyumba mwanga.

Inu simungafunse munthu aliyense, ndiye mumasankha nyumba mwamaere. Maere anagwera yanga. Mayi amene mumawatuma kuno, amene mumsewu mwathu timawatcha Mayi Mafunso, anandifotokozera kuti nyumba yosankhidwa imayenderedwa kasanu, kamodzi pa miyezi itatu iliyonse, ndiponso kuti nyumba yangayi ikuimira nyumba zina mazana anayi zimene inu simuzifikako. Ine amene sindinasankhidwepo ngakhale kukhala woimba belu kusukulu, lero ndikayetsemula ayetsemula ndi amuna mazana anayi. Ulemu wotere sungapite osathokoza. Loleni ndithokoze mwandondomeko, monga mumakondera kwanuko.

Choyamba, zikomo pondipatsa mpata wopuma.

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkadula mapepala pa kampani yosindikiza mabuku. Ntchito yaikulu imene inkatisunga inali yanu: timabuku ta mafunso, masamba khumi ndi asanu ndi limodzi kalikonse, tomanga ndi tiwaya tiwiri pamsana. Chala changa chamkombaphala ndi chachifupi pang'ono kuposa cha anthu ena, nsonga yake inatsala pa mpeni wa makina tikuthamangira ntchito yanu. Kenako munatukuka, munagula matabuleti, mapepala munawasiya. Abwana athu anatiitana, anatigwira chanza mmodzimmodzi, n'kukhoma loko pageti. Patangotha miyezi itatu, Mayi Mafunso anagogoda pakhomo panga, tabuleti ili m'manja, kudzandifunsa ngati ndili pantchito.

Chikondi chotere n'chosowa, Bwana. Ambiri akakugwetsa amangopita. Inu munatumiza munthu kuti adzafunse ngati ndagwadi.

Chachiwiri, zikomo pondipatsa dzina.

M'nyumba mwathu tinali awiri, ana Mulungu sanatipatse. Akazi anga anali telala, makina awo ali pawindo la pabalaza kumene kumalowa dzuwa. Paulendo woyamba Mayi Mafunso anafunsa kuti mutu wa banja ndani, kuti alembedwe pamzere woyamba. Akazi anga sanakweze nkomwe mutu. Anachotsa mapini pakamwa n'kunena kuti, "Lembani awa, mayi. Akhaleko ndi kaudindo, poti kakuntchito kaja anawalanda." Ndinakhala Munthu Nambala 01, iwo Nambala 02. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linatha m'nyumba. "A Zilo Wani, madzi awira." "A Zilo Wani, mwakhalira tepi yanga."

Tsiku lomwelo ndinaphunzira kuti ulova si chinthu chongotola. Uli ndi mayeso atatu. Munthu asakhale atagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi pa masiku asanu ndi awiri apitawo. Akhale wokonzeka kuyamba akaitanidwa. Ndipo akhale atafunafuna ntchito pa milungu inayi yapitayo. Ine ndinakhoza onse atatu. Akazi anga anaomba m'manja, akuti chikwatirane chathu anali asanandionepo ndikukhoza chilichonse kotheratu. Madzulo ake anatulutsa nsalu yamtambo, anandiyeza, nati andisokera malaya ofunira ntchito, chifukwa amene ndinkavala aja akanachititsa manyazi telala.

Chachitatu, zikomo pondiphunzitsa tanthauzo la ntchito.

Pamene Mayi Mafunso ankabwera kachiwiri, akazi anga anali atagona miyezi iwiri. Sindilemba zambiri za matendawo. Ndingonena zimene ndinkachita, popeza inu mumakonda kuwerenga zochita. Ndinkawasambitsa. Ndinkawatembenuza kuti msana usatuluke zilonda. Ndinkachapa zofunda, kutunga madzi, kuphika, kuwamwetsa msuzi ndi kasupuni, kuwabereka mpaka pamsewu tikamapita kuchipatala, ndi kuima pamzere wa mankhwala. Manja anga anasupuka ndi sopo.

Mayi Mafunso anafunsa ngati ndinagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi. Ayi. Kodi ndinafunafuna ntchito pa milungu inayi yapitayo? Ayi, wodwala ndikanamusiyira yani? Anadina, tabuleti inaganiza pang'ono, ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti tsopano sindinenso lova. Ndinafuna kudumpha. Koma anapitiriza kuti sindinenso wapantchito. Ndili kunja kwa gulu la antchito, dengu limodzi ndi ana asukulu ndi okalamba amene anapuma. Ndinafunsa kuti nanga ntchito yomweyi akanagwira munthu wolembedwa? Anati ameneyo akanawerengedwa, chifukwa akanalandira malipiro, kaya ndalama kaya katundu. Apa ndi pamene ndinaona kupusa kwanga, Bwana. Ndikanawauza akazi anga kuti azindipatsa batani limodzi patsiku. Mabatani anali odzaza chitini.

Kenako anafika pa Nambala 02. Anaima pakhomo la kuchipinda n'kufunsa ngati iwo ali ndi ntchito imene achokapo kwa kanthawi, ndiponso ngati akuyembekeza kubwererapo isanathe miyezi itatu. Akazi anga, amene tsiku limenelo sankatha ngakhale kugwira kapu, anayankha okha kuti, "Ndibwerera, mayi. Nanga madiresi a anthuwa asoka ndani? Awa?" Tabuleti inawalemba kuti ali pantchito, achokapo kwa kanthawi chifukwa cha kudwala.

Anaseka mpaka kutsokomola. "A Zilo Wani, mwamva? Nyumba ino ndikuigwira ndine, chigonere. Inu mungokhala."

Pa kuseka kumeneko ndikukuthokozani moona, popanda chinyengo. Sanasekenso choncho.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha kompyuta yanu yodana ndi mipata.

Ulendo wachitatu unali patatha masiku khumi ndi awiri chiikireni maliro. Mayi Mafunso ataona makina osokera ataphimbidwa ndi nsalu anavula chipewa chawo cha ofesi n'kukhala pampando. Ndi munthu wabwino, musawadzudzule pa zimene ndikulembazi. Pambuyo pake anadina pamene palembedwa kuti “wamwalira”, anandipepesa, n'kumapita. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo.

Zotsatirazi ndinazimva pambuyo pake. Kwanuko munthu samwalira chifukwa chakuti mwamuna wake wanena. Pamafunika kapitawo avomereze asanathe masiku asanu ndi awiri. Mlungu umenewo kapitawoyo anali kuhotela, kumaphunziro a kavomerezedwe kachangu. Masiku anatha. Kompyuta yaikulu ya ku ofesi kwanu inayang'ana pamzere wachiwiri n'kupeza mpata: palibe imfa yovomerezeka, palibenso mayankho. Ndamva kuti kompyutayo ikapeza mpata siifunsa munthu, imangotenga yankho la ulendo wapitawo n'kutsekapo. Ndiye inatenga mawu aja a akazi anga, akuti “ndibwerera”, n'kuwabwezera pantchito.

Madokotala analephera, Bwana. Mapemphero a mpingo wonse analephera. Kompyuta yanu inangotenga kamphindi.

Chachisanu, ndipo apa ndi pamene pali chimwemwe chenicheni, zikomo pondilemba ntchito.

Paulendo wachinayi Mayi Mafunso anayamba ndi ine. Ntchito yolipidwa, ngakhale ola limodzi? Ndinati ayi. Anafunsanso monga mwa lamulo lanu: ngakhale kaganyu, ngakhale kolipidwa ndi katundu? Ine sindinama. Ndinakumbuka kuti Lachitatu mayi oyandikana nafe, oweta nkhuku, anandipempha kuti ndiwakhomere chitseko cha khola chimene chinagweluka, ndipo anandipatsa mazira atatu. Zinatenga nthawi yaitali bwanji? Mwina mphindi makumi asanu. Nanga misomali? Misomali inali yakale, ndinayamba ndaiwongola pamwala. Kuwongolako mphindi zingati? Mwina khumi.

Anadina. Ananditembenuzira tabuleti kuti ndione ndekha. Wapantchito.

Bwana, ndinadzuka pampando. Chaka chathunthu ndikuyenda m'mageti, alonda akundidziwa ndi kayendedwe, osadziwa kuti ntchito ili kuseri kwa mpanda wanga, pakati pa nkhuku. Ndipo poti ndikuimira nyumba mazana anayi, tsiku limenelo amuna mazana anayi analembedwa ntchito, makola mazana anayi anatsekeka, mazira chikwi chimodzi ndi mazana awiri analowa m'chuma cha dziko. Chilungamo chikundikakamiza kuulula kuti dzira limodzi mwa atatu aja linali lowola. Muchotseko mazana anayi.

Kenako Mayi Mafunso anatsikira pamzere wachiwiri, nkhope yawo n'kusintha. Anayang'ana tabuleti, anayang'ana makina ophimbidwa aja, anayang'ana ine. Anati, "Bambo, mundikhululukire. Akadalipo." Lamulo lanu salola kudumpha funso kapena kusintha liwu, ndipo tabuleti siipita patsogolo funso lisanayankhidwe. Choncho anawerenga dzina lonse la akazi anga, n'kufunsa ngati pa masiku asanu ndi awiri apitawo anagwira ntchito ngakhale ola limodzi.

Ndinati sanagwire.

Anadinanso paja pa “wamwalira”. Tabuleti inakana. Akuti munthu amene kompyuta yaikulu inamulemba kale kuti alipo, wofunsa mafunso sangamuchotse, kapitawo sangamuchotse, angathe ndi Bwana Mkulu yekha. Mayi Mafunso akuti analemba lipoti kawiri. Kumene linafika sakudziwa. Ndiye akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndakulemberani ndekha.

Koma taonani kukongola kwake kaye, tisanakuwononge. M'buku lanu nyumba yanga ili ndi anthu awiri, ndipo onse awiri ali pantchito. Palibe lova. Kuyambira tsiku la ukwati wathu sitinakhalepo bwino chotere. Ndipo akazi anga, amene ankadandaula kuti makina amodzi sakukwanira, tsopano ndi matelala mazana anayi.

Chachisanu ndi chimodzi ndi dandaulo laling'ono, si langa, ndi la alamu anga aja.

Iwo nyumba yawo sinasankhidwe, koma amabwera kuno tsiku lililonse kudzaona ngati ndadya. Afunafuna ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Ali ndi satifiketi ya zamagetsi imene yapindidwa mpaka yang'ambika pamtanda. Tsiku la mazira lija analipo, ndipo anapempha Mayi Mafunso kuti angowayesa pakamwa, aone ngati angakhoze. Ntchito ola limodzi? Ayi. Okonzeka kuyamba? "Ngakhale pompano, mayi, ndisiya tiyiyu." Mwafunafuna pa milungu inayi yapitayi? Apa anakanda mutu. Anati mwezi uno sanayende, nsapato inatseguka kukamwa, komanso mageti onse a m'tauni anawamaliza kawirikawiri, kwatsala kukagogoda kumanda. Mayi Mafunso anawauza kuti ngati ndi choncho iwo si lova. Ndi munthu wotaya mtima, ndipo wotaya mtima sawerengedwa pa malova.

Alamu anaika kapu pansi. "Alamu, mwamva? Ntchito anandimana, tsopano ulova womwe andilanda. Nditsala ndi chiyani ine? Mlongo wanga ali kumanda akugwira ntchito, ine wamoyo sindine kanthu!"

Ndinawatonthoza kuti asadandaule, akonze nsapato, ayendeko geti limodzi, udindo wawo ubwerera.

Koma alamu ndi munthu wa nzeru, ndipo m'mawa mwake anabwera ndi pulani imene ndikuipereka kwa inu kwaulere. Tinabwereka dzira limodzi kwa mayi a nkhuku. Alamu anasesa pakhomo panga ola lathunthu, ine n'kuwalipira dziralo. Ine ndinapita kukagwirira makwerero a ometa tsitsi pamene ankakonza denga lawo, koma poti iwo analibe cholipira, alamu anawabwereka dzira lija, iwo n'kundipatsa ine. Ine ndinalipereka kwa a kalipentala wopanda matabwa amene anandinolera mpeni, mwapang'onopang'ono, maso ali pa wotchi. Pofika Loweruka dziralo linali litayenda nyumba khumi ndi zinayi, ndipo mumsewu mwathu munalibe lova ngakhale mmodzi. Anthu ankapatsana moni ngati mabwana. "Zantchito?" "Zatipanikiza, achimwene, nthawi palibe." Linasweka Lamlungu m'thumba la alamu, ndipo chuma chathu chinagwa pompo. Koma mfundo yaoneka, Bwana. Musavutike kumanga mafakitale. Gulani nkhuku.

Tsopano ndiloleni ndisiye kuseka pang'ono.

Ndinaganizapo zongokhala chete. Chifukwa chake ndi chochititsa manyazi, koma ndinena. Chimwalirireni akazi anga, palibe amene amatchula dzina lawo. Onse amati “malemu”, ngakhale mchimwene wawo, ngakhale ine. Tsiku lija Mayi Mafunso atawerenga dzinalo mokweza, lonse, pabalaza pomwe ankakhala, ndinamva ngati wina watsekula windo. Ndinatsala pang'ono kuwapempha kuti abwereze funsolo. Ofesi yanu ndi malo okhawo padziko pano kumene akazi anga akuyembekezeredwa kubwera.

Koma ndinakumbuka kagwiridwe kawo ka ntchito. Kasitomala akabwera n'kunena kuti, "Ingosokani, muyezo wanga muli nawo kale," iwo ankakana, ngakhale atamusokera mwezi watha. Ankati munthu amanenepa, amaonda, amatenga pakati, muyezo wa dzana ndi wa munthu wa dzana. Ankatenga tepi n'kuyezanso. Telala amene amadula nsalu ndi muyezo wakale ankamutcha wakuba, chifukwa nsalu ikadulidwa siibwerera. Ndiye munthu ameneyu, amene sanasokepo chovala chongoganizira, lero mwamudula ndi muyezo wa miyezi isanu ndi inayi yapitayo, n'kumugwiritsa ntchito yochepetsa malova pa wailesi, pamene mchimwene wake wamoyo sakuoneka paliponse. Akanamva akanakutumizirani mawu, ndipo sakanakhala aulemu ngati anga.

Lachiwiri likudzali Mayi Mafunso abwera kachisanu, komaliza. Akatero nyumba yanga ituluka m'kafukufuku wanu, buku lake litsekedwa, ndipo zimene zalembedwamo zikhala choncho mpaka kalekale. Ine zanga ndazilandira. Miyezi imene ndinanyamula akazi anga ikhale yolembedwa kuti ndinangokhala, ola la nkhuku likhale lolembedwa kuti ndinagwira ntchito, palibe kanthu. Koma sindikufuna kuti mayi uja adzaimenso pabalaza panga, maso ali pansi, kundifunsa ngati akazi anga agwira ntchito mlungu uno. Sindikudziwa ngati ndingathe kuyankhanso mwaulemu, ndipo iye alibe mlandu.

Choncho, Bwana wanga, ndikugwada ndi pempho limodzi. Lisanafike Lachiwiri, tsegulani kompyuta yanu yaikuluyo, pezani nyumba yanga, tsikirani pamzere wachiwiri, ndipo mudine paja pamene mungadine inu nokha. Apumitseni. Agwira ntchito zaka makumi atatu ali moyo ndi miyezi isanu ndi umodzi atamwalira, akwanitsa. Akuti kudinako sikutenga ngakhale mphindi imodzi. Koma musafulumire. Khalani pamenepo, werengani dzinalo bwinobwino, litchuleni mokweza ngati mungathe, mpaka likwane ola lathunthu. Mukatero nanunso muwerengedwa kuti mlungu uno munagwira ntchito. Dzira nditumiza.

Koma ngati kompyuta yanu ndiyo ikunena zoona, ine ndi amene ndalakwitsa, poti inu ndi ophunzira ndipo ine ndinalekezera panjira; ngati akazi anga angochokapo kwa kanthawi ndipo abwerera isanathe miyezi itatu, chonde mundiuze tsiku lake. Ndikufuna ndisese, ndithire mafuta m'makina, ndichotse nsalu ndinaphimbira ija. Malaya amtambo aja akadali pamakina pomwepo, singano ili chilasire. Atsala mkono umodzi ndi kolala.

Ine wanu wodzichepetsa, woimira nyumba mazana anayi,

Munthu Nambala 01,
wapantchito (chitseko cha khola, ola limodzi),
mwamuna wa Nambala 02.